Chipinda Chimene Unafufuta

Tiwonge mwana wanga,

Malaiti apita kuyambira m'mawa, makina okopera mapepala ali zii, makasitomala palibe, ndipo iwe uli kokaluka tsitsi kumene ndikudziwa kuti suchokako dzuwa lisanapendeke. Ndiye ndati m'malo mongokhala n'kumaingitsa ntchentche pano pa shopu, nditenge bolopeni ndikulembere. Ndikamakuuza pakamwa umandidula, umati, "Amama, izo ndikudziwa kale." Pepala sungalidule mawu. Kalatayi ndiyiika m'chikwama cha laputopu, ndipo uiwerenge mawa basi ikadutsa pa Chipata, pamene sungathenso kutsika kuti udzandiyankhe.

Eee, wawerenga bwino, m'chikwama cha laputopu. Ndakupatsa. Usayambe zako zoti nanga ine ndizigwirira chiyani ntchito. Kompyuta yakale ija ya pansi pa tebulo ikadali ndi moyo, imangofuna kuinyengerera. Mwana wanga sangapite ku koleji ku Kitwe, kukaphunzira kujambula mapulani a nyumba, ali chimanjamanja. Ha! Ndikangotchula mawu akuti koleji mtima umachita kudumpha. Msika wonse wa Lundazi wadziwa. Amayi a tomato adziwa, anyamata a mawilibala adziwa, ngakhale bambo wina wa ku Kasungu amene anangoima pakhomo kufunsa kokwerera minibasi ndinamuuza. Anangoti "zikomo mayi," akundiyang'ana modabwa. Ndilibe nazo manyazi. Ine NyaZimba, amene ndinaphunzira kujambula nyumba pa kompyuta pongodinadina ndi kuonera mavidiyo mpaka mabandulo kutha psiti, mwana wanga akukaphunzira kwa eni ake ntchito! Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, pita mwanawe, pita ndithu.

Koma pali nkhani imodzi imene yandikhala pakhosi, ndipo ndiyambe ndaitchula kuti udziwe chimene ndakhalira pansi kulemba. Lamulungu lija titabwera kutchalitchi unatikhazika pansi ine ndi adada ako, n'kutsegula pulani ya nyumba yathu ya ku Mwase, ija takhala tikuilota zaka zonsezi tili m'nyumba ya lendi. Unaikonza bwino, sindinama. Khonde lake, mazenera ake, mpaka ndinaombera m'manja. Koma ine ndinawerenga zipinda. Chipinda chako, chija pa pulani yanga yoyamba chinatulukira kumbuyo ngati chigongono, panalibe. Nditafunsa unati, "Amama, ine ndikupita. Ndikabwera patchuthi ndizigona pabalaza, njerwazo zipulumuke. Komanso nyumba yokhota choncho, denga lake pulogalamuyi imakana." Unanena mopepuka ngati ukunena za mtengo wa mchere. Adada ako anangodzuka n'kutuluka kukayang'ana njinga yawo imene inalibe vuto lililonse. Ine ndinaseka nawo, ndinakuyamikira, koma zinandiwawa, ndipo mpaka lero zikundiwawa. Nkhani imeneyi ndiibwereranso. Uyambe wamva zimene ntchitoyi yandiphunzitsa, chifukwa a Mtonga, amisiri amene akutimangira, akudikira pulani yomaliza kuti agule matabwa ndi malata mvula isanagwe, ndipo pulaniyo ichokera kwa iwe.

Munthu woyamba amene ndinamujambulira nyumba anali mlimi wa fodya wa ku Kapichila. Sunawaiwale a Nyirenda, aja ankakubweretsera nzimbe uli ku pulayimale. Analowa muno atangogulitsa fodya, nkhope ikuwala, n'kuti, "Monire mama. Ndamva mumajambula nyumba pa makina. Ine ndikufuna ya malata makumi anayi." Ndinawafunsa mamita, mulitali ndi mulifupi. Anangondiyang'ana. "Mama, ndati malata makumi anayi." Ine ndi nzeru zanga zatsopano ndinaona ngati bamboyo ndi wotsalira, ndinajambula nyumba ya mamita anga okongola osaganizako za lata. Tsiku lokhoma denga kalipentala anapeza kuti lata lililonse likuperewera ndi chikhatho chimodzi. Anachita kulumikiza tizidutswa, ndipo a Nyirenda anafika pano ali thukuta kamukamu, mawu ali m'mwamba, anthu a pamsika kudzaza pakhomo kudzaonerera. Kuyambira tsiku limenelo nyumba ndimaiyambira kumwamba. Ndimapita ndi tepi kwa ogulitsa malata, ndimayeza lata lenilenilo limene mwini nyumba adzagule, ndimachotserapo popitana ndi potulukira kunja kwa khoma, kenako mulifupi mwa nyumba ndimaupeza kuchokera pamenepo. Pulogalamu imakulola kujambula denga la kutalika kulikonse chifukwa siigula malata. Munthu akakuuza nyumba yake m'malata, wakupatsa muyeso wabwino, ulandire ndi manja awiri. Ndipo usanakoke mzere ngakhale umodzi, yang'ana kaye ngati pulogalamuyo ikuyeza mamita kapena mainchesi, poti ukangoiika mwatsopano imakonda kuyambira ku mainchesi.

Wamva, Tiwonge? Tepi. M'chikwamamo ndaikamo tepi yanga yachikasu ija. Anzako akadzaseka kuti mtsikana akuyenda ndi tepi m'chikwama cha m'manja, uwasiye aseke.

Anthu athu ambiri sabwera ndi pepala. Amakutengera pamalo pawo, amatola kamtengo, n'kujambula nyumba yonse pa dothi. Apa pabalaza, apa pogona ana, apa posungira nshawa. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandijambulira choncho, ine n'kutenga chithunzi pa foni nditaima chapatali, n'kuchilowetsa mu pulogalamu kuti ndizikoka makoma pamwamba pake. Njira imeneyo ndi yabwino, ndipo uziigwiritsa ntchito, imapulumutsa nthawi. Koma chithunzi changa chinali chopendekera. Nyumba inatuluka yaikulu kutsogolo, yopanikizika kumbuyo, ndipo mayi uja ataiona anati, "Kodi amuna anga munawalakwira chiyani kuti chipinda chawo chikhale cha nkhuku?" Tinaseka mpaka misozi, koma ntchito ya masiku angapo inapita m'madzi. Ukamajambula chithunzi chotere, kwera pampando kapena pa ngolo, foni uigoneke chafulati ikuyang'ana pansi. Pambali pa chojambulacho ugoneke tepi kapena thabwa limene ukulidziwa kutalika kwake, lioneke m'chithunzimo. Ukalowetsa mu pulogalamu umaiuza kuti kuchokera apa kufika apa ndi mita imodzi, ndipo zina zonse zimatsata zokha.

Za makoma ndinaphunzira ndi bedi. Pulogalamu ikakupatsa khoma imakupatsa lopyapyala la kwawo kumene inapangidwa. Sidziwa kuti njerwa yathu kukula kwake kumadalira chikombole cha munthu amene anaumba, ndipo zikombole za ku Kapichila ndi za ku Mwase sizifanana. Ine ndinasiya makoma opyapyalawo, nyumba inamangidwa ndi njerwa zonenepa, pulasitala uku ndi uku, chipinda n'kuchepa. Bedi la mwini nyumba linalowa, koma chitseko sichinkatseguka chonse, munthu wamkulu ankalowa chammbali m'chipinda chake chomwe. Uzifunsa njerwa imodzi ya pa uvuni, uiyeze, uwonjezerepo pulasitala wa mbali zonse ziwiri, nambala imeneyo ndiyo uilembe pa khoma loyamba lomwe. Njerwa za pa uvuni wathu ndakuyezera kale, ndalemba pa kapepala kamene ndamata pansi pa laputopu. China, m'makona. Ukaona kuti pulogalamu ikukana kuzindikira chipinda, kapena simenti ya pansi ikukana kudzaza, usalimbane nayo ndipo usaitukwane ngati mmene ndimachitira ine. Kulitsa chithunzi pa kona iliyonse mpaka uone. Upeza kuti makoma awiri sanakhudzane, patsala kampata kopita nyerere. Yatsa kamaginito kaja kamene kamakokera makoma pamodzi, uwalumikize. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwe kudekha sunatengere kwa ine kapena kwa adada ako, kaya unatengera kwa yani kupupuluma kumeneko.

Tsopano imva imene imandisangalatsa kuposa zonse. M'pulogalamumo muli masofa a mitundumitundu, mabafa ogonamo, ngakhale piyano. Koma fufuza nkhokwe, mulibe. Chigafa cha fodya mulibe, mtondo mulibe, mbaula mulibe. Mlimi ukamuonetsa nyumba yopanda nkhokwe pabwalo amangoti, "Yabwino," n'kutuluka osabweranso, chifukwa sanaone kwawo. Ndiye ine ndinayamba kuba. Ndinatenga chipilala chozungulira, ndinachifupikitsa n'kuchinenepetsa, ndinachiveka chithunzi cha nsungwi zolukaluka chimene ndinajambula pa nkhokwe ya agogo ako. Miyendo ndinaika timabokosi tinayi. Denga lake ndinavutika nalo sabata yonse, mpaka tsiku lina diso linagwera pa chipewa cha nyale ya patebulo. Ndinachikulitsa, ndinachipaka chithunzi cha udzu, n'kuchikhazika pamwamba. Abale inu! Nkhokwe yeniyeni! Ndinavina ndekha muno m'shopu, mayi wogulitsa makala pakhomopa anaganiza kuti ndalandira uthenga wa ukwati. Koma nditamuonetsa mwini wake, n'kusuntha nthawi ya m'pulogalamu kuti aone nyumba yake chakumadzulo, nkhokwe ija inayaka mbee! Ndinali nditaiwala kuti ndi nyale. Bamboyo anagwira pakamwa n'kuti, "Mama, mukufuna akuba asavutike kufunafuna chimanga changa?" Ukaba nyale uzikumbukira kuizimitsa. Chinthu chikasowa usamati palibe, uziyang'ana mpangidwe wake osati dzina lake. Bokosi lopyapyala ndi lata, ndi sitepe, ndi shelefu. Khonde ndi chipinda chopanda makoma chokhala ndi zipilala. Ndipo zinthu ukazilumikiza choncho uzizimanga pamodzi zikhale chinthu chimodzi, apo ayi udzasuntha nkhokwe n'kusiya denga lake lili m'malere.

Aphunzitsi ako mwina adzakupatsani mapulogalamu akuluakulu amene ine sindinawaonepo, ndipo ukabwera udzandionetse, ndikufunitsitsa kuwaona. Koma ndikubetcha nkhuku, nawonso nkhokwe alibe.

A Nyirenda aja anandikhululukira za malata, ndipo patapita zaka anabweranso. Mwana wawo wamwamuna anali atakwatira, akumanga kuno ku boma, ndipo anafuna kuti m'nyumbamo mukhale chipinda cha makolo akabwera kudzagulitsa mbewu. Ndinajambula monga zimakhalira m'zithunzi za m'pulogalamumo: kolido pakati, chipinda cha eni nyumba mbali iyi, cha alendo mbali inayo, zitseko kuyang'anizana, bafa limodzi kumapeto. Mnyamatayo anasangalala, n'kubwera ndi bambo ake kuti adzaone. Ndinawakhazika pampando, ndinadina paja pamene pamakulowetsa m'nyumba ngati ukuyenda ndi miyendo yako. Tinalowa pabalaza, a Nyirenda akugwedeza mutu, "Yewo, yewo mama." Tinalowa m'kolido. Chitseko cha chipinda cha eni nyumba ndinali nditachisiya chotsegula, bedi likuonekera, loyalidwa bwinobwino. Tiwonge, munthu wamkulu uja anatembenuza nkhope kuyang'ana kukhoma la shopu, chipewa n'kutsitsira m'maso. Anati chapansipansi, "Mama, nditulutseni muno." Ine ndinati, "Adada, ndi chithunzi chabe." Iwo anati, "Ndi pogona pa mkamwana wanga. Nditulutseni." Ndinachita kuwayendetsa chobwerera mpaka panja pa nyumba ya pa sikirini, ndipo pokhapo m'pamene anakweza chipewa. Ananena kuti m'nyumba imeneyo sadzagonamo ngakhale usiku umodzi, kuli bwino akagone pa depoti. Iwowo akumane ndi mkazi wa mwana wawo m'kolido m'mamawa, wina ali ndi thaulo? Manyazi anandigwira ine, mwana wobadwira konkuno, amene apongozi anga aamuna sindinadyepo nawo mbale imodzi. Ndinatseka chitseko cha m'kolido chija, ndinaboola china chotulukira pakhonde, bafa la alendo ndinaliika panja pambali. A Nyirenda amagona m'nyumbamo mpaka lero.

Choncho nyumba iliyonse ukaimaliza, uziyendamo, ndipo usamayendemo ngati Tiwonge yekha. Yendamo ngati apongozi. Yendamo ngati mayi wosenza ndowa pamutu, ukweze msinkhu wa kamunthu koyenda ka m'pulogalamu kaja uone ngati ndowayo ipita pakhomo. Yendamo ngati adada ako akulowetsa njinga madzulo, ngati anyamata awiri atanyamula thumba la nshawa akufuna pokhotera. Uike kumpoto pamalo pake pa kampasi ya pulogalamu, usunthe dzuwa uone chipinda chimene chidzapse masana a mwezi wotentha. Mwini nyumba uzimupatsa mausi ayende yekha, iwe uzimuyang'ana nkhope. Pamene wakhala chete ndi pamene pali vuto, ndipo safunsa anadya phula. Zoyenda m'nyumba ngati anthu ena ndikuzinena dala, chifukwa m'pulani yathu ija unayendamo wekha, sunayendemo ngati ine.

Za kuseva ndikuuza ngakhale ukudziwa, chifukwa unalipo tsiku limene ndinalira. Nyumba ya abusa, ya zipinda zambirimbiri, nditaigwira kuyambira m'mawa osaseva ngakhale kamodzi, malaiti n'kupita, batire la laputopu litafa kale. Zonse zinapita. Unandipeza nditagwira kumutu, n'kundigulira chitumbuwa ndi ndalama yako ya kusukulu kuti nditonthole. Ukamaliza khoma, seva. Ukaika chitseko, seva. Usanasinthe chinthu chachikulu, seva ndi dzina latsopano, yakaleyo uisiye ili chomwecho, poti munthu amene lero akuti chotsani khonde mawa adzati khonde langa lili kuti. Madzulo aliwonse uzidzitumizira fayilo pa foni. Laputopuyo ikayamba kulemera, usaiimbe mlandu, ndi yokalamba, bisa mipando ndi mitengo yonse utsale ndi makoma mpaka utamaliza. Ndipo poti ine sinditaya zakale, pulani yanga yoyamba ija, yokhala ndi chigongono, ikadalimo. Ili pamwamba penipeni, sungaiphonye.

Ndisanafike pa denga, ndikuuzeko za iwe mwini, poti ndine mayi ako, si mphunzitsi wa makompyuta. Uzidya. Ndimakudziwa, ukakhala pa sikirini umaiwala m'mimba mpaka mutu kuwawa. Ndakuikira nshawa zokazinga ndi chimphonde m'botolo, usagawe zonse tsiku loyamba pofuna kutchuka. Laputopuyo usamabwereketse kuti ikagone kwina, wofuna kugwiritsa ntchito akhale pambali pako. Anyamata a ku Kitwe ndamva kuti pakamwa ndi potsekemera. Wina akadzakuuza kuti adzakumangira nyumba yosanja, umufunse kuti ya malata angati, uone ngati ayankhe. Mpingo uupeze sabata yoyamba yomwe. Ukalephera mayeso ena usabise, tiimbire, tilira nawe kenako udzukanso. Chitumbuka ndi Chinyanja chako usachite nacho manyazi, anthu amene udzawajambulire nyumba adzakuuza zakumtima m'chilankhulo chimenecho. Ndipo uziwaimbira adada ako pa foni yawo, osati kumangowapatsa moni kudzera mwa ine. Sadzalankhula zambiri, adzangoti "eya, eya," koma akadula amauza mudzi wonse.

Tsopano denga. Unati nyumba yokhota pulogalamuyi imakana. Zoona imakana, inandikananso ine, ndinaituluka kangapo ndili ndi mkwiyo. Imakana chifukwa umaipempha kuti ifolere nyumba yonse kamodzi. Usaipemphe zimenezo. Tsegula nsanjika yatsopano pamwamba pa makoma, uitche denga, kuti ukamagwira kumwambako usasunthe za pansi mwangozi. Uyambe ndi mbali yaitali, uifolere yokha ngati chigongono chija kulibe. Gebulo, khoma losongoka la kumapeto kwa denga lija, umaipanga ndi makoma awiri afupiafupi, lina loyamba pansi n'kukwera, lina loyamba pamwamba n'kutsika, pulogalamu imalola kuti khoma likhale ndi misinkhu iwiri. Malata ndi mabokosi opyapyala aja, uwapendeketse mofanana mbali zonse. Ukamaliza upite pa kachipinda kotulukira kumbuyo, ukafolere pakokha, kupendekeka kwake kufanane ndi kwa denga lalikulu, koma msana wake ukhale wotsikirapo. Ndiyeno ulikankhe denga laling'onolo pang'onopang'ono lilowe m'denga lalikulu mpaka nsonga yake ibisike m'kati. Zotsalazo zimabisala pamwamba pa siling'i, palibe amaziona. Ukatulukira panja n'kuyang'ana, waona! Madenga awiri agwirana ngati anabadwa limodzi. Tsiku limene ndinatulukira njira imeneyi ndinagulira amayi a tomato zakumwa.

Koma chenjera, apa m'pamene ndinagwa. Chithunzi chimabisa, mvula siibisa. Pamene madenga awiri akumana pamatsika madzi a mbali zonse ziwiri, ndipo pamafunika lata lopinda ngati ngalande pansi pa malata enawo. Pulogalamu sikuuza zimenezo. Ine nthawi yoyamba sindinalembe, kalipentala naye anangotsata chithunzi, mvula yoyamba madzi anatsikira pa thumba la ufa la eni nyumba. Uzilemba ndi mawu akuluakulu pa pulani, ndi muvi wolozera pamalopo, m'chilankhulo chimene kalipentala amawerenga. Pakakuvuta funsa anzako a m'kalasi kapena aphunzitsi, mutu umodzi susenza denga. Waona tsopano kuti chifukwa chako chachiwiri chija chatha? Denga la nyumba yokhota limatheka. Chatsala ndi choyamba, chija unati ukupita.

Dzana iwe uli kotsanzikana ndi anzako, ine ndinatseka shopu n'kukwera minibasi kupita ku Mwase. A Mtonga anafuna kukhoma zikhomo ndi kukoka zingwe kuti okumba maziko ayambe. Adada ako anafika pa njinga. Ndinali nditasindikiza pulani yako, ndipo tinaitsata monga momwe unajambulira, makona anayi, tikuyeza chopingasa kuti nyumba isapotoke. Ndinali nditadziuza kuti mwana wakula, wasankha, ndisamukakamize. Titamaliza, a Mtonga akukulunga chingwe chotsala, tinangomva kugogoda kumbuyo. Adada ako atenga zikhomo zotsala, apita kuseri kwa chingwe chakumbuyo, cha kumtengo wa mango uja, akukhoma. A Mtonga anayang'ana pepala, anayang'ana ine, n'kuti, "Adada, apo pa pulani palibe kanthu." Adada ako sanadzutse n'komwe mutu. Anati, "Pa pulani palibe. Koma mwanayo alipo." Anamaliza kukhoma, anakoka chingwe okha, anavula shati, n'kutenga piki. Okumba anali asanabwere, dothi la chilimwe lili gwa, munthu wa msinkhu wawo. Ndinati adikire anyamata mawa, iwo n'kumangokumbabe. Ine ndinakhala pa mulu wa njerwa ndikulira ngati mwana, kenako ndinadzuka n'kutenga fosholo. Pamene timachoka, ngalande ya chipinda chako inali itafika m'mawondo, pamene nyumba yonseyo inali ikadali zingwe zokhazokha.

Dzulo pa chakudya unawafunsa za matuza a m'manja mwawo, anakuuza kuti ndi mahandulo a njinga. Tsopano wadziwa.

Mwana wanga, sitikukukoka mwendo. Pita ku Kitwe, upitirire ku Lusaka, ukafike kumene ine sindinalotepo, ukajambule nyumba zosanja zoti ndikadzaziona chitambala chigwe kumutu. Ndine woyamba kunyadira, ndipo mawa pa depoti ndidzaimba nthungululu mpaka uchite manyazi. Koma pabalaza pamagona alendo. Iwe si mlendo, ndipo sudzakhala mlendo kwathu ngakhale utabwera kamodzi pa chaka, ngakhale utabwera ndi mwamuna ndi ana, ngakhale zitakuvuta kumeneko n'kubwera ndi chikwama chokha. Njerwa zimene unafuna kupulumutsazo tinaumba ndi manja athu, ndipo tinkadziwa amene tikumuumbira. Pa laputopu chipinda chimachoka ndi batani limodzi, koma ku Mwase kuli dzenje, ndipo adada ako salikwirira.

Ndiye ukafika, ukapeza pogona, ukadya, utsegule pulani yako. Useve ndi dzina latsopano. Ubwezere chigongono chija, makoma ake ayezedwe ndi njerwa yathu, makona alumikizane, madenga awiri alowane monga ndakuuzira, ndipo usaiwale muvi wa pa ngalande. Ukatero uyendemo kamodzi ngati ine, m'mawa, ndikudutsa ndi tsache pakhomo pa chipindacho. Utumize pa foni yanga mango asanakhwime, a Mtonga akagule malata.

Taona, malaiti abwera, makina ayamba kulira, ndipo ndikukuona patali ukudutsa pa amayi a tomato, tsitsi lili ndii, ukuyenda ngati watenga kale digiri. Wakongola, mwana wanga. Ndipinde msanga pepalali usanandipeze nalo. Mulungu akutsogolere pa msewu, akusunge kumene ukupita.

A Mtonga anandifunsa kuti zenera la chipindacho liyang'ane ku mango kapena kumsewu. Ndawauza kuti adikire, mwini chipinda ndiye anene.

Ndine amama ako,
NyaZimba